Madzi Saiwala Khwawa, Amangoiwala Mpopi

Chilimwe chino, dzuwa likuswa mtengo, paipi ina inaphulika m'mbali mwa msewu wa kwathu. Madzi oyera bwino, onunkhira kulolini, ankatumphuka usana ndi usiku. Ankatsetsereka mwaulemu kudutsa pa benchi ya amayi ogulitsa tomato, kulambalala shopu ya ometa, mpaka kukagwera kumunsi. Ife a kumtunda mipopi inali gwa, ikungotsokomola mpweya. Bambo wina wachikulire anaima n'kuyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Paja madzi saiwala khwawa," n'kupitiriza ulendo ndi zigubu zake zopanda kanthu.

Makolo ankaunena mwambiwu poona munthu akubwerera kumene anachokera. Sankadziwa kuti akulemberatu lipoti la mainjiniya a madzi a mzinda wa Blantyre.

Mukanafunsa madzi, akanakuuzani kuti Blantyre anamangidwa malo olakwika. Mzinda uli pakati pa mapiri: Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe, Bangwe. Koma madzi ambiri amene timamwa ali pansi, mu Shire, pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni. Madzi amenewo ali ndi ulendo wawo kale. Achoka kunyanja, adutsa Mangochi ndi Liwonde, akulowera ku Chikwawa ndi Nsanje kukakumana ndi Zambezi. Palibe dontho limene linadzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndikaone ku Limbe. Timachita kuwagwira panjira, kuwasefa, kuwathira mankhwala, kenako kuwakankha ndi makina kuti akwere mtunda wa mamita pafupifupi 800. Akafika pa Chileka amapezanso makina ena owakankha, chifukwa mukangowalekerera pang'ono, mtima wawo uli kumbuyo.

Makinawo amadya magetsi ochuluka, moti gawo lalikulu la bilu yanu ya madzi kwenikweni limagula magetsi. Nanga magetsiwo amachokera kuti? Mu Shire momwemo, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi ena amatsika mathithi kuti anzawo akwere phiri. N'chifukwa chake magetsi akathima, mpopi nawo umalowa m'maliro. Namondwe wa Ana atagumula Kapichira mu Januwale 2022, anthu anaphunzira kuti mdima ndi ludzu ndi pachibale. Ndipo dzinja silithandiza: mvula ikagwa yambiri, Shire amabwera ndi matope ndi zinyalala zotseka makina. Chilimwe madzi amasowa chifukwa achepa, dzinja amasowa chifukwa achuluka. Mwana wa sukulu akalemba zimenezi pa mayeso, aphunzitsi amuzungulizira ndi cholembera chofiira.

Koma tilitsatire dontho lija lomwe lakakamizidwa kufika m'tauni. Likuyenda m'mapaipi ena oti anakwiriridwa atsamunda adakalipo, ndipo maso ake ali pa mng'alu uliwonse. Likaupeza, basi, ulendo wa ku mtsinje wa Mudi, umene umakatsiranso mu Shire. Pafupifupi theka la madzi opopedwa mumzindawu salipiridwa ndi aliyense: ena adontha, ena abedwa ndi akatswiri olumikiza mapaipi usiku, ena adutsa pa mita yomwe inafa kalekale. Dontho losathawa limayamba lacheza kwa anthu okhala kumunsi. Iwo atunge, achape, athirire kapinga, atsuke galimoto. Akagona ndi pamene madzi amapeza mphamvu zokwera kwa ife am'mapiri, cha m'ma 2 koloko usiku, nthawi ya afiti ndi alonda.

Ndiye aliyense wa kumtunda amadziwa mwambo wake. Mpopi umagona wotsegula, pansi pake pali beseni lachitsulo kuti phokoso likudzutse. Choyamba kubwera ndi mpweya, fwee, fwee, ndipo mita imawerenga mpweyawo mokhulupirika zedi. Kenako mumamva mawu kuseri kwa mpanda: "Anebaaa, abwera!" Amayi atuluka chitenje chili pachifuwa, tochi ya foni ili kukamwa, ana adzutsidwa tulo tili m'maso kuti azilandizana ndowa. Madzi oyamba amakhala ofiirira ngati tiyi wa pamaliro. Amenewo ndi a kuchimbudzi. Ndowa yachiwiri ndi yochapira zovala zakuda, yunifolomu yoyera idikire. Yachitatu ndiyo mumaiyang'ana ndi tochi, kuinunkhiza, n'kugwirizana monga banja kuti iyi tingamwe. Mapoto, mabotolo a Sobo, ketulo, ngakhale mbale ya ndiwo, zonse zimalembedwa ntchito. Pofika 4 koloko alendo aja atsanzika osanena tsiku lobweranso.

Mainjiniya nawo anafika poumvera mwambiwu. Ndi ngongole ya ku India anakatenga madzi a mu mtsinje wa Likhubula pa phiri la Mulanje, oti amatsika okha mwakufuna kwawo kubwera ku Nguludi kukatsukidwa. Anthu ena a ku Mulanje anayamba akana, ati dzalani kaye mitengo m'phirimo. Ambiri m'tauni anawaona ngati ovuta, koma ine ndimati ankanena zoona. Wokayika akaone damu la Mudi, lomangidwa m'zaka za m'ma 1950, mmene dothi lochokera ku Ndirande wometedwa mpala lakhalira likulikwirira.

Pali mbali ina imene siseketsa. Mpopi ukauma masiku angapo, pa kiyosiki pali mzere wosatha, mayi wopanda ndalama amawatsatira madzi kukhwawa komweko: ku Nasolo, ku Naperi, kapena pa kachitsime kokumba m'mbali mwa mtsinje, masitepe ochepa kuchokera pa chimbudzi cha wina. Khwawalo limasunga zonse zimene timaliponyera, matewera, zotuluka m'masuweji ophulika, zochokera m'mafakitale. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iye. Timalangiza anthu kusamba m'manja pafupipafupi ndi sopo, malangizo abwino ndithu, koma kuwauza anthu amene ndowa imodzi ikuyenera kuphika, kumwa ndi kusambitsa khanda kumafuna nkhope yolimba. Patangotha miyezi iwiri kuchokera mu Januwale uja, namondwe wa Freddy anatsitsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kudutsa m'njira zawo zakale, mmene anthu a ku Chilobwe anamangamo nyumba chifukwa ndi momwe puloti inali yotsika mtengo. Tsiku limenelo palibe ananena mwambiwu mokweza.

Amene ali ndi kangachepe apeza njira yawo. Agula thanki yaikulu ya pulasitiki, aikweza pa nsanja yachitsulo, aikanso kapampu koyamwa madzi mu paipi ya tonse. Ndiko kudzimangira kaphiri kakokako kuti madzi azitsika kukupeza m'bafa. Aneba ena mumzere wathu anachita zimenezi chaka chatha, ndipo chiyambireni madzi a usiku aja akafika amayamba alonjera kwa iwo, ife n'kumamvera kulira kwa pampu beseni lili phee. M'mawa amatsegula geti ndi nkhope yachifundo, kutifunsa ngati tadzuka bwino, n'kutigulitsa pa ndowa pa ndowa. Ngongole salola.