Ganyu Yoyankhula Chichewa

Achimwene,

Khalani kaye pansi musanawerenge. Mng'ono wanu uja amene Chichewa cha fomu 4 anachikhoza mokwawa, pano akulipidwa chifukwa choyankhula Chichewa. Sindikuphunzitsa munthu, sindikumasulira m'khoti ayi. Kungotsegula pakamwa basi, randi n'kugwa.

Adona okalamba aja ndimawasamalira maluwa ku Melville, kani anali mphunzitsi wa payunivesite asanapume. Ine ndinkangowaona ngati nkhalamba yokonda tiyi ndi amphaka. Tsiku lina anandimva ndikukalipira galu wawo amene amafukula maluwa, n'kuima chilili kapu ili m'manja. Akuti, chimenecho ndi Chichewa? Nditavomera anathamangira m'nyumba, liwiro loti sindinawaonepo nalo, n'kutuluka ndi buku lotchedwa The Syntax of Chichewa. Analemba ndi Mmalawi mnzathu, a Sam Mchombo, amene panthawiyo ankaphunzitsa ku Berkeley ku California, ndipo linasindikizidwa ku Cambridge mu 2004. Buku lonselo n'lachingerezi cholimba, koma m'kati mwadzaza alenje, anyani, mikango ndi maungu. Azungu a ma digiri awo akhala akukangana zaka zambirimbiri pa nkhani ya maungu athu, ife osadziwa.

Syntax imeneyi, mmene andifotokozera, ndi maphunziro a mmene mawu amakhalirana m'chiganizo: ndani atsogole, ndani atsatire, ndani agwirizane ndi ndani. Ndi zomwe zija ankatikwapulira ku pulayimale, mwininkhani, mneni, pamtherankhani, kungoti kuno anthu amagulira nazo nyumba. Ndiye Lachisanu ndikamaliza kusesa timakhala pakhonde. Iwo amawerenga chiganizo, ine n'kunena ngati munthu wa kwathu angayankhule choncho. Ndikati ayi, amachiika kanyenyezi kumayambiriro. Kanyenyeziko si mphotho, ndi chizindikiro choti chiganizocho n'cholumala. Chodabwitsa n'choti ndikakana amasangalala kuposa ndikavomera.

Zinandizungulira mutu mpaka tsiku lomwe ndinazimvetsa ndili m'takisi yopita ku Bree. Mukudziwa kuti takisi za kuno zilibe kondakitala? Ndalama zimachoka kumpando wakumbuyo, kudutsa m'manja mwa anthu mzere ndi mzere, mpaka zifike kwa amene wakhala kutsogolo pambali pa dalaivala. Ameneyo ndiye awerenge, ndiye abweze chenji, kaya ndi m'busa, kaya ndi mlendo wongotsika kumene ku Park Station amene sadziwa n'komwe kuti R5 imaoneka bwanji. Ntchito ya munthu imachokera pa mpando umene wakhala. Achimwene, Chingerezi n'chimenecho. Dzina likakhala kutsogolo kwa mneni ndiye mwininkhani, likakhala kumbuyo ndiye pamtherankhani. Mukati mbuzi zadya chimanga pa Chingerezi, kenaka n'kusinthanitsa mipando, ndiye kuti chimanga chadya mbuzi, nkhani yofunika kuitanira sing'anga.

Pamene Chichewa ndi minibasi ya kwathu, ya kondakitala wolendewera pakhomo. Iyeyo amadziwa aliyense. Ukhale kutsogolo, ukhale pa injini, uthawire kumbuyo kwenikweni pakati pa matumba a mbatata, akupeza ndithu: "Bambo a chipewa, simunalipire." Kondakitala wathu ndi timaphatikizo togwirizanitsa tija timamatirira pa mneni. Taonani: mbuzi zachidya chimanga. Za- akuloza mbuzi, -chi- akuloza chimanga. Ndiye asunthe mipando mmene angafunire. Chimanga zachidya mbuzi. Zachidya mbuzi chimanga. Chimanga mbuzi zachidya. Adona anawerenga njira zisanu ndi imodzi, zonse ndinazivomera, ndipo mu zonsezo akuba ndi mbuzi zomwezo. Akuti zimenezi a Mchombo ndi mayi wina wa ku Stanford, Joan Bresnan, anazilemba mu 1987, ndipo mpaka lero ophunzira za ziyankhulo m'maiko ambiri amaziwerenga. Mfundo yawo ndi yoti -chi- uja si kachizindikiro chabe, ndi mlowam'malo wathunthu amene wakhala kale pampando wa pamtherankhani, n'chifukwa chake dzina loti chimanga limamasuka kukaima kulikonse.

Ukam'tsitsa -chi- uja ufulu watha. Anandiwerengera "zadya mbuzi chimanga", ine ndinamva ngati minibasi yaphulika tayala, n'kuti ikani kanyenyezi. Koma pa "chimanga zadya mbuzi" tinakangana. Iwo akuti malinga ndi zolembazo, nachonso n'cholumala. Ine ndikuti adona, simunawamve azakhali anga m'mawa atapeza mpanda wa kudimba uli pansi. Analemba zimenezo mofulumira m'kope mwawo, n'kundionjezera bisiketi. Sindikudziwa ngati azakhali aja angakondwe kumva kuti mkwiyo wawo wafika ku Johannesburg.

Chinawakomera kwambiri ndi pamene ndinati "kukhomo kwaima munthu". Anaomba m'manja. Akuti taona, malo akhala mwininkhani, mneni wagwirizana ndi khomo, munthu watsalira kumbuyo. Kunena kwina, kwathu ngakhale siteji imatha kukwera n'kuyendetsa minibasi, dalaivala atakhala pa mpando wa apaulendo.

Ndiye pali mitengo yawo. Chiganizo chilichonse amachijambula ngati mtengo, koma tsinde lili kumwamba, nthambi zikuloza pansi, mawu n'kulendewera kunsonga. Ine monga wa m'maluwa ndinawauza kuti mtengo wotero sungaphuke. Anaseka mpaka kutsokomola. Cholinga chake akuti n'kuonetsa kuti mawu sakwera mmodzimmodzi, amakwera m'magulu. "Mbuzi zitatu zakuda za amalume" ndi banja limodzi, mzere umodzi wa mipando, ndipo likafuna kusuntha limasunthira limodzi. Ukafuna kudziwa ngati ndi banja, uyese kuikapo mawu amodzi, "izo". Likalowa bwino, ndi gulu. Mneni ndi pamtherankhani wake nawonso amakhala mzere umodzi, mwininkhani amakhala kwayekha.

Ndipo minibasi imeneyi sidzadza. Mbuzi zimene zinadya chimanga chimene analima amalume amene anakwatira mayi amene amagulitsa kachasu amene anagwetsa aphunzitsi amene... mukhoza kupitiriza mpaka Khirisimasi. Nthambi m'kati mwa nthambi, palibe lamulo la chiyankhulo loti lekera pomwepo, chimatha ndi mpweya. Akuti nkhani imeneyi anaitchukitsa ndi Noam Chomsky, amene buku lake la Syntactic Structures linatuluka mu 1957. Ine ndinati oitanira a pa depoti ya Lilongwe anaitulukira kalekale: nthawi zonse kwatsala munthu mmodzi.

Chiyambireni zimenezi makutu anga asanduka a tirafiki. Dziko lino lili ndi ziyankhulo 12 zovomerezeka ndi boma, kuphatikizapo cha manja chomwe anachionjezera mu 2023, ndiye magalimoto oimitsa ndi ambiri. Chizulu ndi achibale athu, kondakitala ali nayenso, wangovala yunifolomu ina: abantu bayahamba, izinja ziyahamba. Koma Afrikaans, chomwe anyamata kuno timangoti Chibunu, ndi galimoto yoopsa. Injini anaidula pakati, theka kutsogolo, theka kubuti. Bambo wina amene ndimamugwirira ganyu Loweruka akati "Ek sal jou môre betaal", mawu onena chimene adzandichite amafika kumapeto kwenikweni. Umamva kuti ine, ndidza-, iwe, mawa, mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati kukubwera kulipira kapena kuchotsa ntchito. Akafuna kukana, mabuleki amaponda kawiri: "Ek kan jou nie vandag betaal nie." Nie woyamba umati mwina ndamva molakwika. Wachiwiri uja amabwera kudzatseka chitseko.

Mukukumbukira chilapalapa chija agogo ankatitukwana nacho akaledzera, chimene anabwera nacho kuchokera ku Wenela ulendo wa kumigodi usanaimitsidwe ndi ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974? Kuno amati Fanakalo. Imeneyo ndi minibasi yoti anaba mipando, kondakitala anathawa, kwatsala chitsulo chokha: mina hamba, wena hamba, yena hamba. Mneni sasintha olo mwininkhani asinthe. Koma imayenda, ndipo inanyamula anthu zikwizikwi pansi pa nthaka.

Musandiderere ndi ganyu imeneyi. Adona akuti buku la malamulo a Chichewa la Mark Hanna Watkins la 1937 linalembedwa ku Chicago, ndipo amene ankakhala pampando ngati wangawu, kumayankha kuti chimatheka kapena sichitheka, anali wophunzira wina dzina lake Kamuzu Banda. Iyenso anayamba wagwira ntchito ku Joni kuno. Njira ndi yomweyo, achimwene. Yambani kuyang'ana suti.

Sabata yatha tinali pa msintho wa aneni. Anandifunsa kusiyana kwa "mbale yaswedwa" ndi "mbale yasweka". Ndinati yoyambayo ilipo ndithu nkhope imene yaswa, ukhoza kuonjezera kuti "ndi mwana", kungoti wonenayo wasankha kuibisa. Yachiwiriyo ilibe mwini, mbale yangodzionera yokha tsoka. Anati eya, pamenepo wochita ntchito watsitsidwa m'galimoto, koma galimoto ikuyendabe.

Ndili m'takisi pobwerera ndinatsegulanso uthenga wanu wa pa WhatsApp uja. Munalemba kuti malata aja anagulitsidwa, ndalama zake zinagwiritsidwa ntchito, zina zinaonongeka pa mayendedwe. Ziganizo zitatu, wochita palibe ndi mmodzi yemwe.

Achimwene, ndinakumana ndi mnyamata wa kutsidya kwa mtsinje uja wabwera mwezi uno. Akuti amayi athu anagonekedwa m'chipatala nthawi yokolola, ndipo anatuluka atachepa thupi moti sanawazindikire pa maliro a kwa amfumu. Iye ankaganiza kuti ndikudziwa. Ndinangoti eya, ndikudziwa, kuopa manyazi.

Za malata sindikudandaula. Ndinawagula kuti amayi asanyowe, ndiye ngati anagulitsidwa kuti amayi akhale moyo, agwira ntchito yake. Chikundipweteka n'choti ndikaimba mumandiuza kuti ali kudimba, ali kutchalitchi, foni ilibe moto. Ndikudziwa mumaopa kuti ndingasiye ntchito n'kukwera basi, ndipo mukudziwa mmene mapepala anga alili, kuti ndikawoloka Beitbridge kubwerera kuno si kwapafupi. Zimenezo ndiganiza ndine. Inu mungondiuza: akudwala chiyani, adokotala anati chiyani, mankhwala akumwa ndi ati, akugona nawo m'nyumba ndani. Ngati pali ngongole imene munatenga, mutchule kwa ndani ndiponso zingati, musaichepetse.

Mwezi uno wavuta. Lendi ya kachipinda kanga ku Cosmo City yakwera, ndipo bambo wa Loweruka uja mabuleki ake akupondabe kawirikawiri. Komabe ndalama ya Chichewa ija sindinaikhudze, ndakhala ndikuisunga m'chitini kuti idzakhale ya feteleza. Nditumiza yonse Lolemba pa Mukuru, m'dzina la alamu. Feteleza tidzaona kutsogolo. Muwagulire amayi chimene akulakalaka kudya, ndipo ngati akufunika kubwereranso kuchipatala musadikire kuti ndivomereze.

Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi ndiimba. Foni ikhale yotchaja, muwapatse amayi eniake, inu mutuluke panja.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mng'ono wanu,
ku Joni