Kagwiritsidwe Ntchito ka Liwu la Glory Pakati pa Anthu a M'tauni

Liwu lachingerezi lakuti glory, limene tanthauzo lake limakhudza kutchuka, ulemu waukulu ndiponso kuwala kwa chinthu chapamwamba, lili m'gulu la zinthu zochepa zimene anthu a m'matauni a Malawi amazipeza popanda kulipira, ndipo n'chifukwa chake limachuluka kwambiri pamalo pamene zina zonse n'zoperewera. Liwuli linachokera ku Chilatini, kumene limatchulidwa kuti gloria, ndipo linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakale lisanakwere sitima pamodzi ndi amishoni a ku Scotland amene anayambitsa mishoni ya Livingstonia mu 1875 ndi ya Blantyre mu 1876. Pamene Buku Lopatulika linkatuluka mu 1922, omasulira ake anali atapeza kale liwu lachichewa lakuti ulemerero, lomwe limakwana bwino lomwe pa guwa. Komabe munthu wa m'tauni anaona kuti ulemerero uli ndi malembo 9 pamene glory ali ndi 5 okha, kotero kuti umatha penti, ndiponso kuti agogo akumudzi amamva tanthauzo lake, chinthu chimene m'tauni chimatsitsa mtengo wa liwu lililonse.

Vuto loyamba limene liwuli linakumana nalo litafika linali la pakamwa. Chichewa sichilola kuti g ndi l, omwe onse ndi malembo opanda liwu, agundane popanda lembo la liwu pakati pawo, ndiponso l ndi r ndi kamvekedwe kamodzi kamene malamulo a kalembedwe amakasiyanitsa ndi malo okha, ponena kuti r azilembedwa pambuyo pa i kapena e, ndipo l azilembedwa pena paliponse. Zotsatira zake n'zakuti pakamwa pa anthu liwuli limatuluka ngati gulole kapena gulori, pamene pa khoma limaoneka kawirikawiri ngati groly, pakuti wolemba zikwangwani amadziwa kuti l ndi r onse alimo, koma zoti atsogole ndani amazisiyira burashi. Mwini malo akauzidwa za cholakwikacho, makamaka ndi mwana wa sukulu, amayankha modekha kuti makasitomala sagula zilembo, ndipo yankho limeneli silinagonjetsedwepo.

Pa nkhani ya malonda pali lamulo limodzi limene munthu woyenda wapansi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Kawale kapena ku Mchesi angalitsimikize ndi maso ake, lakuti kukula kwa liwuli pa khoma kumayenderana ndi kuchepa kwa katundu pa shelefu. Okala, yomwe ndi kanyumba kogulitsiramo zinthu kudzera pa kazenera ka waya, ikhoza kukhala ndi sopo wowerengeka, machesi, mchere ndi mawokumani angapo, ndiye kuti timapaketi ta ufa wongokwana nsima ya chakudya chimodzi, koma pamwamba pake pamakhala glory wa malembo aatali ngati mkono, wotsatiridwa ndi liwu lina lachingerezi losonyeza kuti pamalopo pali mabizinesi ochuluka, osati imodzi. Mwini wake, amene amadzitcha dayirekita, ndi yemwenso amasesa, kugulitsa, kulondera usiku ndi kukana ngongole. Pansi pa kazenerako pamakhala chidziwitso chachiwiri, chakuti ngongole mawa, chimene chimalembedwa m'Chichewa chomveka bwino ndi chopanda cholakwika chilichonse, zomwe zikusonyeza kuti munthu wa m'tauni amasunga Chingerezi kuti anenere zimene akulakalaka, koma akafuna kuti amumvedi amabwerera ku chilankhulo cha amayi ake.

Minibasi imaonjezera pa liwuli ntchito ina, yomwe ndi yolowa m'malo mwa zipangizo zimene zinatha. Galimoto imene chitseko chake chimamangidwa ndi chingwe, ndipo imalira pokhapokha amuna anayi ataikankha potsetsereka ku Limbe, ndi imene imanyamula glory wamkulu koposa pa galasi lakumbuyo, pamalo pamene dalaivala akanaonerapo zobwera m'mbuyo mwake. Kondakitala, polowetsa munthu wachinayi pa mpando wa anthu atatu, amati, "Tasendezani thupi pang'ono, amayi, tonse ndife ana a Mulungu," ndipo injini ikazima pa msewu wa Masauko Chipembere amatembenukira kwa bambo wovala tayi n'kunena kuti, "Bwana, tithandizeni kukankha, mafuta alimo koma akungochedwa kufika." Bamboyo amatsika, amaika manja ake pansi penipeni pa liwu lija n'kukankha, ndipo ndalama yake sabwezeredwa.

Ana ambiri, makamaka aakazi, amapatsidwanso dzina lakuti Glory kapena Gloria, ndipo ndi m'nyumba zoterezi mokha mmene ulemerero umatumidwa kukagula tomato, kukalipidwa chifukwa chosatsuka mbale ndi kuuzidwa kuti ubweze chenji chonse.

M'tchalitchi, mmene liwuli linayambira ntchito, muli kusiyana kumene kuyenera kufotokozedwa mosamala. Akatolika ali ndi nyimbo yotchedwa Gloria imene ili ndi malo ake okhazikika pa Misa, ndipo siimbidwa pa Malamulungu a nyengo ya Adiventi ndi ya Lenti, kutanthauza kuti mpingowu unaona kalekale kuti ngakhale liwu labwino liyenera kupuma. Mipingo yatsopano, imene imasonkhana m'makalasi a sukulu ndi m'matenti, ilibe tchuthi chotere. Kumeneko liwuli limafuulidwa pamene mlaliki wanena mfundo yamphamvu, pamene wataya vesi limene amalifuna, pamene akumwa madzi, ndiponso pamene magetsi abwera maikolofoni n'kulira mwadzidzidzi. Mlalikiyo, ngakhale anabadwira ku Ntcheu ndipo gulu lonse limene lili patsogolo pake limalankhula Chichewa, amalalikira m'Chingerezi ali ndi womasulira pambali, ndipo womasulirayo amatembenuza mawu onse mokhulupirika kufikira atafika pa glory, pamene amangolibwereza momwemo koma mokweza kuposa abusa. Akatswiri a zomasulira sanaipatsebe dzina njira imeneyi, ngakhale kuti imagwira ntchito Lamulungu lililonse.

Angerezi ali ndi mawu akuti glory hunter, otanthauza mlenje wa ulemerero, amene amanena munthu wokonda timu ya mpira chifukwa chakuti ikupambana basi. Alenje otere amasonkhana m'nyumba zoonetsera mpira, pa mabenchi a matabwa, pamaso pa wailesi ya kanema yodalira jenereta, ndipo chizindikiro chawo chachikulu ndi liwu lakuti ife. Munthu amene sanadutsepo chipata cha Mwanza amanena mosaphethira kuti ife tagula osewera atatu, ife tamuchotsa kochi, ife sitigonja pakwathu, pamene pakwathupo ndi ku London kapena ku Manchester. Mbiri ya chikondi chake imatsatira ndendende mbiri ya ndalama za eni matimu: ambiri anazindikira kuti ndi a Chelsea kuyambira pa ubwana wawo Roman Abramovich atagula timuyo mu 2003, ena anakumbukira kuti agogo awo ankakonda Manchester City anthu a ku Abu Dhabi ataigula mu 2008, ndipo mu 2016 kunapezeka anthu a Leicester City m'madera amene dzinalo linali lisanatchulidwepo. Otsatira Manchester United, amene anatenga chikho cha ligi mu 2013, chaka chimene Alex Ferguson anapuma, anasanduka akatswiri a mbiri yakale. Anthu a matimu akuno a Bullets ndi Wanderers sayenera kuikidwa m'gulu limeneli, pakuti iwo timu amachita kubadwa nayo ndipo amavutika nayo mpaka ku manda. Koma pa Flames, timu ya dziko lino, mtundu wonse umasanduka alenje, monga zinaonekera mu Januwale 2010 pamene timuyi inagonjetsa Algeria 3-0 ku Luanda, tsiku limene aliyense amakumbukira pamene anali, ngakhale kuti masewero awiri otsatira, amene Angola ndi Mali anapambana, palibe amene anawaonera.

Mawu akuti former glory, kapena kuti ulemerero wakale, ndi chuma cha andale ndi cha akuluakulu osewera bawo pansi pa mtengo. Aliyense wofuna mavoti amalonjeza kubwezeretsa msika, njanji, bwalo la masewero kapena mzinda wa Zomba, umene unali likulu la dziko mpaka 1975, ku ulemerero wake wakale, koma samatchula chaka chimene ulemererowo unalipo, poopa kuti angapezeke munthu amene analiko. Akuluakulu a pa bawo amakumbukira mtengo wa buledi ndi ukhondo wa misewu, ndipo mwina sanama. Chimene chimawathawa m'mutu ndi khadi la chipani limene linkafunsidwa pa chipata cha msika, komanso lamulo la kavalidwe la mu 1973 limene linkaletsa amayi kuvala buluku. Ndi bwino kutchulanso, ngakhale mongodutsa, kuti duwa limene Angerezi amalitcha morning glory lili m'banja limodzi ndi mbatata, kotero kuti kholowa, amene amagulitsidwa pa mulu m'misika yonse popanda chikwangwani, ndiye wachibale yekhayo wa ulemerero amene munthu wa m'tauni angadyere nsima.

Kagwiritsidwe ntchito kakuya koposa kamapezeka pa maliro, pamene amalengeza kuti malemu ali promoted to glory, ndiye kuti akwezedwa pa udindo kupita ku ulemerero. Mawuwa ndi a mpingo wa Salvation Army, umene William Booth anauyambitsa ku London mu 1865 ndipo umatchula atsogoleri ake ndi maudindo a usilikali, kotero kuti kwa iwo imfa ya wokhulupirira ndi kukwezedwa komaliza. Koma m'tauni anabwerekedwa ndi anthu a mipingo yonse, ngakhalenso a mabanja amene malemu ankadziwa tchalitchi pa maukwati pokha. Kwa kalaliki amene anakhala pa giredi imodzi moyo wake wonse, uku ndiye kukwezedwa koyamba, ndipo ndi kokhako kumene sikufuna mayeso, kalata ya abwana kapena malume ku likulu. Mawuwa amadindidwa pa pulogalamu, pa malaya ndi pa nsalu, pansi pa chithunzi chimene malemu anajambulitsa akadali wonenepa, ndipo achibale amene sanaponde ku chipatala pa miyezi yonse ya matenda amafika atavala magalasi akuda, atanyamula nkhata zikuluzikulu zimene amaziika pa manda pang'onopang'ono kuti wojambula asawaphonye. Kenaka woyendetsa mwambo amawerenga chipepeso, dzina ndi dzina ndiponso ndalama ndi ndalama, akukweza mawu pa maenvulopu olemera n'kumeza maina a amene anapereka zochepa, pamene amayi a m'dera amene agona pa siwa masiku onsewo, ndi adzukulu amene akumba manda kuyambira mbandakucha, amathokozedwa onse pamodzi m'chiganizo chimodzi anthu atayamba kale kulowera ku mizere ya chakudya. Apa zimaonekera poyera kuti ulemerero umene walengezedwa m'dzina la malemu umagawidwa kwa amoyo, potengera kukula kwa galimoto imene aliyense wabwera nayo.

Popeza wokwezedwayo saloledwa kupita ndi firiji, sofa kapena makiyi a nyumba, katunduyu amakopa alenje a mtundu wina, amene amayamba kumuyeza ndi maso nyimbo yomaliza isanathe, uku akunena kuti, "Alamu, musadandaule, zinthu za achimwene tizisunga ife." Dziko la Malawi lili ndi lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, limene limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Wowerenga amene akuyembekezera kukwezedwa kotereku akulangizidwa kulemba wilo akadali pa giredi yake yapansi pano.