Kalata ya ku Joni: Asodzi Obwezera Nsomba M'madzi

Okondedwa Malume,

Choyamba ndifuna kumva za moyo wanu pamodzi ndi akunyumba ndi ana onse kumeneko ku Malembo. Ine kuno ku Johannesburg ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chinandilowa mpaka m'mafupa. Ndalama ya twaini ndi mafuta a injini ija ndatumiza pa Mukuru. Mukalandira mundiuze nokha, ndisadzamvere kwa anthu apadera kuti mwagula wailesi ina.

Malume, musanapitirize kuwerenga khalani pansi, ndipo ngati muli pakati pa asodzi anzanu padoko, chokanipo kaye. Mwana wa mlongo wanu uja munkati sadziwa kupalasa bwato tsopano ndi mkulu wa za usodzi. Kupatula kusamala maluwa, ntchito yanga ina ndi kuperekeza bwana ndi mkamwini wawo kokawedza. Ndimatsuka boti, ndimanyamula bokosi la zakumwa, ndipo iwo akamakangana ndimakhala mboni.

Nsomba yomwe imawasowetsa tulo amaitcha bass. Ndi yobiriwira pamsana, yoyera kumimba, kukamwa kwake kotakasuka moti ikakhala yaikulu chibakera chimalowamo. Kwawo kwenikweni ndi ku America. Kuno anaibweretsa mu 1928 nakaiweta ku Jonkershoek pafupi ndi Stellenbosch, kenako inafalikira m'madamu a dziko lonse. Choncho nayonso ndi yobwera ngati ine, koma sindinaonepo wapolisi akuifunsa pasipoti. Khalidwe lakenso si labwino. Imadya achule, nkhanu, ana a nsomba zinzake ngakhale ana ake omwe, ndipo m'mitsinje ina ya ku Western Cape inatha tinsomba ta eni nthaka.

Nyambo yake musayerekeze kuti ndi nyongolotsi yokumba kudambo. Ndi nyongolotsi ya pulasitiki yogula m'sitolo, ina yofiira, ina yonyezimira, inanso yothiridwa fungo la adyo. Palinso tinsomba tabodza tokhala ndi mbedza kumimba, tina tolira njerenjere m'madzi. Bokosi limodzi la zidole zimenezi, mtengo wake mungakonzere chilimira chanu chonse n'kutsalako ya fodya.

Tsono mkangano uli apa. Bwana wamkulu amakonda kugwira nsomba zambiri, zingachepe bwanji. Iwo amapita pa kadamu ka pafamu ya mnzawo, pomwe bass zinaswana mpaka kuthinana. Poti pakamwa pachuluka ndipo chakudya n'chochepa, palibe imene imakula. Zonse n'zopinimbira, mutu waukulu, thupi lowonda. Ukangoponya, yadya. Ukaponyanso, yadya. Bwana amakhala ndi kabuku m'thumba, nsomba iliyonse amalemba kamzere, ndipo madzulo amaimbira anzawo foni kuwauza chiwerengero. Mfundo yawo njakuti munthu wa zaka zawo alibe nthawi yodikira. Akuti anabwera kudzamva chingwe chikugwedera m'manja, ndipo akadafuna kuyang'ana madzi tsiku lonse akadakhala kunyumba pafupi ndi bafa.

Mkamwini wawo ndiye amanyansidwa nazo zimenezo. Iye akuti tinsomba ting'onoting'ono n'ta ana asukulu. Amafuna imodzi yokha, koma ya makilo anayi kapena asanu. Kuti aipeze timadzuka tambala asanalire kupita ku Loskop Dam, ku Mpumalanga kupitirira Middelburg, pa mtsinje wa Olifants, komwe kumatchuka ndi bass zikuluzikulu. Kumeneko kulinso ng'ona ndi mvuu, koma zimenezo amakuuza boti litafika kale pakati. Nyambo yake amasankha yaikulu dala kuti zing'onozing'ono ziziopa. Pa boti pali kakanema koonetsa za pansi pa madzi, miyala, zitsa ndi nsomba zomwe. Mnyamatayo amatha kuyang'ana kakanemako kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nsomba akuiona, nayo mwina ikumuona, koma osagwirizana kanthu. Kwathu timati kuona maso a nkhono n'kudekha. Uyu nkhono yomweyo ingatope naye n'kumusiya.

Za nsomba amazidziwadi, pamenepo ndisamunamizire. Anandifotokozera kuti bass zikuluzikulu zimakhala zazikazi, ndipo zimatenga zaka zambiri kuti zifike pamenepo. Zimayandikira kumtunda madzi akayamba kufunda cha mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yoikira mazira, ndipo yaimuna, yomwe imachepa thupi, ndiyo imalondera chisa. Ananenanso kuti pa mipikisano yawo sawerenga kuchuluka. Aliyense amabweretsa pasikelo nsomba zisanu zokha, zamoyo, ndipo wopambana ndi amene zake zalemera kwambiri. Mukagwira 40 zazing'ono, mnzanu wa zisanu zonenepa akudutsani. Apongozi ake atamva zimenezi anangoti mpikisano woterowo anaupanga anthu osadziwa kuwerengera.

Tsiku lomwe yaikulu ija inadya nyambo sindidzaliiwala. Dzuwa linali litafiira, ine ndikuwodzera kumbuyo kwa boti. Ndinangomva ndodo yapindika, mnyamata akukuwa kuti ndibweretse kaukonde kotungira. Nsomba inalumpha pamwamba pa madzi, kukamwa yasa, ikupukusa mutu kuti ilavule mbedza. Titaikweza m'boti, Malume, mtima wanga unafika kale kukhitchini. Ndinali nditaigawa m'maganizo: mutu wa msuzi ndi tomato, pakati pokazinga, kumchira kowamba. Mwini wake anaigwira mlomo wam'munsi ndi chala chachikulu, naipachika pasikelo, nandipatsa foni kuti ndimujambule. Ndinajambula akumwetulira, ndinajambulanso atatembenukira kudzuwa. Kenako anaipsompsona pamphumi, naitsitsira m'madzi mwaulemu, naigwiriziza mpaka itapeza mphamvu. Inapukusa mchira, phwii, n'kupita. Munthuyo anaibayibitsa ndi dzanja. Ine ndinatsala ndi kaukonde m'manja, ndipo madzulo ake tinadya buledi ndi soseji.

Musaganize kuti bwana wamkulu ndiye wanzeru. Nawonso zonse zija amalemba m'kabuku amazibwezera m'madzi imodziimodzi. Ndimakhulupirira kuti pa kadamu kaja pali nsomba ina imene yalembedwa kakhumi, moti ikawaona imadziwa kuti nthawi ya kalembera yakwana.

Tili m'galimoto pobwerera anandifunsa kuti ndiweruze, poti ndine mwana wa kunyanja: chabwino n'chiti, zambiri zazing'ono kapena imodzi yaikulu? Apa panafunika nzeru, chifukwa wina ndiye amandilipira, winayo ndiye amandipatsa majekete akatopa nawo. Ndinawauza kuti kwathu funsolo saliyankha msodzi, amaliyankha mayi wogwira chipande. Pakhomo pakakhala ana asanu ndi atatu, ndowa ya usipa imaposa kampango mmodzi, chifukwa usipa mumayanika pathandala n'kumadya mwezi wonse, ndipo palibe mwana amalira kuti wamanidwa mutu. Koma kukabwera alendo a ukwati, simungawaikire bonya. Pamenepo pamafunika chambo chodzaza mbale. Onse awiri anasangalala, aliyense akuti ndamuikira kumbuyo.

Koma mnyamatayo anadzipha yekha ndi nkhani yake. Pofuna kundigometsa, anati bass yotchuka kwambiri pa dziko lonse anaigwira mlimi wina dzina lake George Perry mu 1932 ku Georgia, ku America. Inalemera makilo 10 ndi pang'ono, ndipo panadutsa zaka 77 kuti Manabu Kurita wa ku Japan agwire yofanana nayo pa nyanja ya Biwa mu 2009. Ndinafunsa kuti nanga mlimi uja anatani nayo nsombayo? Anayankha motsitsa mawu kuti atatha kuiyeza pasikelo anapita nayo kunyumba, banja lake linadya. Ndinati basi, mlandu watha, katswiri wa onse anali munthu ngati Malume anga.

Chigamulo changa chenicheni ndikuuzani inu nokha. Zambiri kapena imodzi, nsomba yabwino ndi imene yafika pamoto. Komabe chimodzi ndawatayira kamtengo anthuwa: damu lawo silikutha nsomba, pomwe ife chambo tikuchisaka ngati ndalama yotayika. Choncho nyanja ikatsekedwa mu Novembala, khoka lija likhale kumtunda, ndipo maneti a udzudzu aja abwerere kuchipinda komwe boma linawaperekera.

Pomaliza, pali mnyamata wa kwa a mfumu amene akukwera basi yobwera kuno mwezi wamawa. Mumupatsire usipa wofutsa ndi utaka pang'ono, mumange bwino m'katoni kuti anthu asamutsitse pa Mwanza chifukwa cha fungo. Ndidzakamudikira pa Park Station. Musatumize chithunzi cha nsomba, zithunzi ndili nazo zambiri. Mupereke moni kwa agogo, kwa amayi ndi onse a padoko.

Ndatha ine mwana wa mlongo wanu,
wa ku Joni.