Ulemu kwa Mkulu wa m'Thanki

Alendo akabwera pakhomo timawaonetsa firiji, wailesi yakanema, ngakhale matailosi a kubafa. Koma ndani anakwezapo mlendo pansanja kuti akapereke moni kwa bolovalavu, mkulu uja wa mpira woyandama m'thanki ya madzi? Chipongwe chimenechi chatenga nthawi yaitali.

Mkuluyutu si wamba. Zaka zoposa 2,200 zapitazo, Ktesibios wa ku Alexandria ankagwiritsa ntchito choyandama kuti madzi a mu wotchi yake asapyole muyezo. Mu 1790 wansembe wa ku Mexico, José Antonio de Alzate, analongosola m'nyuzipepala kachipangizo ka mtundu womwewu. Ena a ife mbiri ya makolo athu imathera pa agogo.

Ntchito yake amaigwira mosadzionetsera. Madzi akamakwera mpira umakwera nawo, mkono wake nkukankha kachitsulo kokhala ndi kalabala kunsonga, kabowo kolowera madzi nkutsekeka. Wina akatsegula mpopi kukhitchini, mpira umatsika, madzi nkuyambanso kulowa. Magetsi akazima iye ali pantchito. Madzi akabwera pakati pa usiku ife tikuliza mkonono, wowalandira ndi iyeyo, mlonda amene sanapemphepo malipiro.

Ukulu wake weniweni umaoneka tsiku limene watopa. Kalabala kakadyeka, kamchenga kakatsakamira pakabowo, kapena mpira ukang'aluka nkumwa madzi, mkuluyu amasanduka wopatsa. Paipi yotayira imayamba kulavula usiku wonse. Nthochi za kuseri zimanenepa, khoma limavala ndere, udzudzu umapeza poswera, nayo mita imathamanga osapuma. Bilu ikabwera, banja lonse limaphunzira masamu. Tsiku lina amangouma mutu, kukana kutsegula, kuti munthu wasopo m'maso akumbukire kuti madzi sachokera kukhoma.

Kumuchotsa paudindo ndi mwambo wonse. Mutseke kaye madzi olowa, mutsitseko a m'thanki, kenaka masipanala awiri: ina kugwira mkati, ina kumasula nati ya kunja. Natiyo, poti yakhala pamvula ndi padzuwa zaka zambiri, siyankha msanga. Apa mpamene mkuluyu amachita chimene alaliki ambiri chawakanika. Bwana wolamula anthu kuofesi amakwera makwerero mawondo akunjenjemera, mutu kulowetsa m'thanki, kwinako kuloza kumwamba, ana ali pansi kubisa phwete. Amayi ali chigwirire makwerero: "Bambo a kunyumba, bwanji osangoitana pulambala?" Kumwambako kulibe yankho.

Wolowa m'malo naye ali ndi zofuna zake. Akhale wa saizi yomweyo, kaya theka la inchi kaya 3/4, nchifukwa chake anzeru amanyamula wakaleyo popita kuhadiweya. Amafuna washa mbali zonse za khoma la thanki, ndi tepi yoyera ija pomangira paipi. Mukamanga mwaukali pulasitiki imang'aluka. Pomaliza mukonze mkono wake kuti madzi aziima asanafike pa paipi yotayira, apo ayi nthochi zija zipitiriza kusangalala.

Koma inu awerengi, musathamangire kumuchotsa ntchito mkulu wotereyu. Yambani mwamumasula, mutsuke mchenga, muone kalabala. Kawirikawiri wolakwa amakhala kalabalako, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi bolovalavu watsopano.