Namwino Wosagwira Jakisoni

MUULUTSI: Chaka ndi chaka boma la Britain limapereka mphoto zotchedwa Analysis in Government Awards kwa ogwira ntchito m'boma amene ntchito yawo ndi kusanthula, kutanthauza kusonkhanitsa ziwerengero, kuziyesa ngati n'zoona, ndi kufotokozera nduna zimene ziwerengerozo zikusonyeza ndunazo zisanagamule chochita. Mbiri ya mphotozi yafika ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba, kumene a Phiri ndi a Nabanda, oyandikana nyumba, analetsedwa ndi amfumu kulankhulana chitatha chiweruzo cha mlandu wa nkhuku, kotero kuti aliyense amauza mpanda wa pakati pawo zakukhosi kwake, ndipo amadzitchula ngati akunena za munthu wina.

(Kukumveka tsache pabwalo.)

A PHIRI: Mpanda uwu udziwe kuti mwini nyumba ya kumtunda, mtsibweni amene analera mphwake kuyambira ali wamamina kufikira atakwera ndege ya ku Newport, m'dziko la Wales, kumene kuli likulu la ofesi ya ziwerengero ya boma la Britain, wamva kuti gulu la mphwakeyo lalembetsedwa pampikisano wa mphoto, ndipo kumeneko mphoto zotere n'zolemekezeka kwambiri moti ina inapatsidwa dzina la Florence Nightingale.

A NABANDA: Mpanda womwewo ukumbukire kuti Florence Nightingale anali namwino, ndipo tsiku lake lobadwa, pa 12 Meyi, ndilo tsiku la anamwino padziko lonse, choncho zaululika lero kuti mwana amene mtsibweni wake wakhala akumutcha bwana wa m'boma amasambitsa odwala, ntchito yabwino imene sinafunikire kubisidwa zaka zonsezi.

A PHIRI: Mnyamatayo amakhala paofesi ndi kompyuta, ndipo jakisoni sanaugwirepo chibadwire.

A NABANDA: Ndiye kuti ali m'gulu loyala mabedi, pakuti nawonso anamwino ali ndi magiredi, ndipo popeza kuchipatala sikusowa zotsala, mayi wa nyumba ya kumunsi akupempha kuti atumiziridwe mafuta opaka m'mawondo ndi kamakina koyezera BP, matenda amene anawayamba chaka chimene anthu ena anasamukira pano.

A PHIRI: Namwino wotani amene amakomoka akaona magazi, monga anachitira mnyamatayo tsiku limene ankazinga nkhuku kuseri kwa khitchini?

A NABANDA: Mpanda ufunse kuti inali nkhuku ya yani, popeza nyumba ya kumtunda sinakhalepo ndi khola.

A PHIRI: (Akutsokomola.) Funsolo linatsekedwa kubwalo la amfumu. Chimene osaphunzira sadziwa n'chakuti mayi Nightingale, amene anapita ndi anamwino 38 kuchipatala cha asilikali ku Scutari mu 1854, pankhondo ya ku Crimea, atabwerera kwawo anakhala pansi ndi katswiri wa ziwerengero William Farr, n'kujambula chithunzi chozungulira chogawidwa mwezi ndi mwezi, pamene mtundu wofiira unkaimira asilikali ofa ndi mabala, wabuluu ofa ndi matenda opeweka, ndipo wakuda ofa ndi zifukwa zina. Wabuluuwo unakula kuposa inayo kutalitali, akuluakulu n'kuona ndi maso awo kuti uve unkapha asilikali ambiri kuposa zipolopolo.

A NABANDA: Zimenezo zikutsimikiza kuti anali namwino waukhondo, ndipo mphwake wa munthu wina akamabwera patchuthi adzayambire pa dzala la mtsibweni wake.

A PHIRI: Mu 1858 anakhala mayi woyamba kulandiridwa m'bungwe la akatswiri a ziwerengero limene linakhazikitsidwa ku London mu 1834, limene lero likutchedwa Royal Statistical Society, ndipo bungwe limenelo ndilo limapereka mphoto ya dzina lake kwa osanthula ziwerengero za umoyo, pamodzi ndi inanso ya dzina la Harry Campion, mkulu woyamba wa ofesi ya ziwerengero imene Winston Churchill anatsegula mu 1941, yopita kwa okonza ziwerengero za boma.

A NABANDA: Nanga a Campion amenewo anali azamba kapena a ku dipatimenti ya mano?

A PHIRI: Mpanda uleze mtima, pakuti ukulankhula ndi munthu amene pakalembera wa 2018, pamene a National Statistical Office a konkuno ku Zomba anapeza kuti Amalawi apitirira 17.5 miliyoni, anauza wowerengera kuti m'nyumba mwake mumagona anthu 6 "kuphatikizapo amene akubwera Loweruka".

A NABANDA: (Tsache laima.) Alendowo anabweradi, ndipo boma silinadandaule. Komabe ngati mwanayo sagwira wodwala, mphoto akuifuniranji munthu wongokhala pampando n'kumawerengera zimene ena akhetsera thukuta?

A PHIRI: Chifukwa chake n'chakuti amene amaonekera pa TV ndi nduna, pamene amene anagona mochedwa akuyesa ngati nambala ya ndunayo ndi yoona sadziwika ndi wina aliyense. M'chaka cha 2020 ofesi ya ku Newport ija, mothandizana ndi yunivesite ya Oxford, inayamba kuyeza Covid-19 m'mabanja osankhidwa mwachisawawa, odwala ndi osadwala omwe, kuti boma lidziwenso za amene anali ndi kachilombo koma sankapita kuchipatala, ndipo ntchito zotere n'zimene mphotozi zimafuna kuzitulutsa poyera. Zili m'zigawo: china n'cha kugwirira ntchito pamodzi, china n'cha njira zatsopano zosanthulira, china n'cha kufotokoza momveka kwa anthu wamba, china n'cha ntchito imene yasinthadi zochita za boma.

A NABANDA: Chigawo cha kufotokoza momveka mtsibweniyo asachiyandikire n'komwe. Koma njira ya mayi uja yamveka, ndipo mawa pakhoma la nyumba ya kumunsi pajambulidwa chithunzi chozungulira, chabuluu kuimira nkhuku zofa ndi chitopa, chakuda zogwidwa ndi mphamba, chofiira zothera mumphika wa kumtunda, kuti amfumu aone mtundu umene ukule kuposa inayo.

A PHIRI: Kusanthula kopanda umboni wokwanira sikulandira mphoto kulikonse, ndipo nthenga zopezeka padzala sizinena mwini wake.

A NABANDA: Nanga mphotoyo ikadzabwera ndi ndalama zingati, popeza wa grosale wakhala akulemba shuga ndi sopo m'buku poyembekezera mapaundi?

MUULUTSI: (Mofulumira.) Omvera adziwe kuti kulembetsedwa pampikisano si kupambana, ndiponso kuti mphoto ya Nightingale ndi ina, ya Campion ndi ina, ndipo imene gulu la mnyamatayo lalembetsedwako ndi yachitatu.

A PHIRI: Zonsezo ndi mphoto, ndipo mtsibweni wake ndi mmodzi yemweyo. Mpanda ungothandiza ndi K2,000 ya mayunitsi kuti mwini nyumba ya kumtunda amuimbire mwanayo.

A NABANDA: Ndalamayo ipezeka, bola akamuimbira asaiwale kufunsa ngati mapiritsi a nyamakazi amamwedwa munthu atadya kapena asanadye.