Malume, Musandifufute M'kaundula

Okondedwa Malume,

Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwa Juni kuno ku Joni kulibe mwambo. Chiperoni cha kwathu chimayamba chagogoda ndi nkhungu, koma kuno dzuwa lili phwee, iwe mano ali gwegwede.

Chandilembetsa ndi mphekesera yomwe yandipeza pa WhatsApp, yoti mukulemba mayina a anthu a m'mudzi ndipo ine mwandiponya m'gulu la matchona. Malume, ndachona liti? Tchona anali achimwene awo a agogo, amene anakwera ndege ya Wenela Kamuzu asanatseke njirayo mu 1974, mpaka lero sitidziwa kumene anagona. Ine woyimba foni Lamlungu lililonse ndikhale tchona?

Nkhani zowerenga anthuzi n'zovuta. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 684,107 m'boma lathu la Mulanje. Ine ndikuti nambalayo ndi yoperewera, chifukwa alembi aja sanafike ku Diepsloot kapena ku Tembisa. Akanabwera kuno tsiku la Sabata akanapeza Limbuli yense, Chisitu ndi theka la Nkando akukambirana za mtengo wa malata. Mudzi wathu tsopano uli pawiri: kumeneko kwatsala agogo, ana ndi mbuzi, kuno ndiye kuli misana. Ngakhale mnyamata uja ankalephera kupalira mzere umodzi wa nandolo ndamupeza akusamalira maluwa a mzungu, ati ndi katswiri.

Abwana anga anandifunsa kumene ndimachokera. Ndinawauza kuti kuseri kwa nyumba ya amayi kuli phiri lomwe nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Iwo anayamba kundinyadira ndi Table Mountain ya ku Cape Town. Ndinangokhala chete poopa kutha kwa ganyu, koma phiri lawolo silifika ngakhale theka la lathu. Mapiri a kuno ku Joni ndiye musanene, ndi milu ya dothi la m'migodi, ndipo mwina ina anaunjika ndi agogo athu omwe. Nditawauzanso kuti kwathu timawoloka Muloza m'mawa kukagula chimanga ku Milange, dziko lina, n'kubwerako nsima isanapse, anaganiza kuti ndawonjezera. Iwo malire omwe amawadziwa ndi a Beitbridge, komwe munthu amamera ndevu ali pamzere.

Musaiwale, Malume, kuti za kuyendazi munatiphunzitsa ndinu. Simunkatiuza pamoto kuti makolo athu a Chilomwe anachokera ku Mozambique kuthawa chibalo cha Apwitikizi? Atafika anapeza azungu atatenga kale malo a nthaka yabwino, tiyi atayamba kudzalidwa cha m'ma 1890, iwo n'kulowa m'thangata kuti apatsidwe pomanga kanyumba. Kodi amfumu a kwawoko anawafufuta m'kaundula? Ine ndangopitiriza ulendo womwe anauyamba, kungoti iwo anayenda wapansi, ine ndinakwera basi.

Ndafika tsopano pamutu penipeni. Mukudziwa kuti kwathu minda ndi yochepa: kumtunda phiri, kumbali tiyi, kumunsi madzi, pakati ife tikungoberekana. Kamunda kanga ka m'mbali mwa mtsinje kaja, Namondwe Freddy anadyako kale gawo lake mu 2023. Kotsalako ndamva kuti alamu, amuna awo a achemwali, ayamba kukayendera m'mawa uliwonse manja ali kumbuyo ngati mlangizi. Auzeni mwaulemu kuti mkamwini amalima pomwe walozeredwa. Akafuna chinangwa adzale, koma asayerekeze kuikapo nthochi kapena njerwa, chifukwa zimenezo sizisamuka.

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru. Mugule feteleza wa amayi, yotsalayo mugule sopo, osati zija za madzulo. Njinga ikubwera ndi galimoto ya katundu kumapeto kwa mwezi. Ndi yanu, koma belu lake lidzalira bwino dzina langa likabwerera m'buku. Mu Okutobala ndikufuna ndidzavine tchopa kwa Chonde, ndiye amayi ayambiretu kusunga kalongonda, popeza kuno nkhuku ya m'furiji yandikola.

Mupereke moni kwa amfumu ndi onse a m'mudzi. Polemba mayinawo, langa mulembe ndi bolopeni, osati pensulo.

Ndine muphwa wanu,
wa ku Joni koma wosachona.