Khoti langa la magemu a 7 pa 10

Kunja kuno kuli anthu amene ntchito yawo ndi kusewera magemu pa TV, kenako n'kulemba kuti iyi yapeza 9 pa 10, iyo yapeza 4 pa 10, mwezi ukatha n'kukalandira malipiro osachita manyazi. Ine ntchito yomweyo ndimaigwira ulere, usiku, ana atagona, voliyumu nditaitsitsa mpaka pansi kuopa kudzutsa mayi akunyumba. Kusiyana kwina n'koti anzathuwo amaweruza gemu sabata yomwe yatuluka, pamene ine ndimaidikira iyambe yakalamba. Gemu yatsopano kuno ku England imafika mapaundi 70. Ine munthu wonyamula makatoni, ndikachotsa lendi, gasi, msonkho wa khonsolo ndi ya abale kumudzi amene mpaka lero amakhulupirira kuti ku Birmingham ndalama timachita kutola mumsewu, zotsalazo zimandiperekeza pa shelefu yapansi penipeni m'shopu ya zinthu zakaunjika, pamene munthu umasankha gemu utagwada.

Pa shelefu imeneyo simupezapo za 10 pa 10, eni ake sagulitsa. Za 2 pa 10 nazonso palibe, chifukwa palibe anazigula poyamba pomwe. Pamadzadza za 6 ndi za 7, zimene zili ngati minibasi ya ku Ndirande: chitseko chomanga ndi chingwe, mpando wakumbuyo ukugwedera, koma ku Limbe mufika ndithu. Chimene chinandidabwitsa nditayamba kuwerenga timalemba ta kuseri kwa mabokosi n'choti ambiri mwa magemu amenewa anapangidwa pakhomo pompano, ena mu Birmingham momwemuno, ena ku Leamington Spa, ulendo wa pafupifupi theka la ola pa sitima. Choncho milandu yonse ya lero ndi ya anansi.

Woyamba kulowa m'khoti ndi 50 Cent: Blood on the Sand ya 2009. Mukaona mkulu woimba wa ku New York uja pabokosi, mfuti kumanja, simungaganize kuti gemuyi anaipanga ndi a Swordfish Studios a ku Birmingham, anthu okwera basi ndi kumwa tiyi wamkaka monga ife tomwe. Nkhani yake ndi ya ngongole. 50 Cent wakaimba ku dziko lina la ku Middle East limene salitchula dzina, wokonza phwando walephera kumulipira madola 10 miliyoni amene anagwirizana, ndiye wamupatsa chikole: chibade cha munthu chokutidwa ndi miyala ya dayamondi. Asanafike nacho patali, chibade chija chabedwa. Gemu yonse ndiye kulondola chikolecho, kuwombera aliyense woima panjira.

Apa ndinamva kuti nkhaniyi ndi yanga. Alamu anga anandibwereka mapaundi 40 kalekale, ndipo tikakumana ku tchalitchi amandipatsa moni wa manja awiri, nkhani ya ndalama osaiyandikira. Ine chomwe ndimatha ndi kuyankha kuti “tili bwino, kaya inu alamu.” Ndiye kuona munthu akugwetsa mzinda wathunthu chifukwa cha ngongole yake, mtima unakhala pansi. Kuwombera kwake n'kokoma, liwiro lake ndi labwino, ndipo muli batani lapadera lotukwanira. Inde, batani la kutukwana basi, ndipo ndalama zikachuluka umapita pa foni ya mumsewu kukagula matukwano atsopano. Chilema chake n'choti amene anakonza adani akuluakulu anali ndi nzeru imodzi yokha: helikopita. Ukagwetsa iyi, patsogolo pakubwera ina, kenako inanso. Ndaipatsa 7. Ikanapeza 8, koma tsiku lina chala chinaterereka pa batani lija apongozi ali pabalaza, ndipo ndinachita kufotokoza kuti ndi nyimbo zachizungu.

Anthu omwewo a matukwanowa, situdiyo yawo inagulidwa ndi Codemasters mu 2008, n'kusanduka Codemasters Birmingham, opanga magemu a mpikisano wa galimoto wa Formula One. Kulapa kumeneko. Pa shelefu yanga ndinapezapo F1 2015, yoyamba ya mtunduwu pa PlayStation 4 ndi Xbox One. Galimoto zake zimagwira msewu bwino, mvula ikamagwa umachita kumva kuti matayala akukana. Koma anaitulutsa yopanda mbali imene anthu ankaikonda kwambiri, ija yoti umayamba ngati dalaivala wosadziwika mu timu yosauka n'kumakwera chaka ndi chaka. Ngakhale galimoto ija imatsogolera anzake pakachitika ngozi munalibe. Anadzazibwezera mu F1 2016. Anthu olemba m'magazini anadandaula kwambiri, koma ine sindinaone vuto lalikulu, poti nkhani ya kukwezedwa pantchito sindiidziwa n'kale. Vuto linali pa ngodya yoyamba, pamene ndimaiwala kuti mabuleki alipo. Mwana wanga wamwamuna anaonerera kwa kanthawi, kenako anati, “Adadi, mukudziwa kuti enawo akupita uku?” Gemu 6, dalaivala 3.

Ya Forza Horizon 4 ya 2018, ya a Playground Games a ku Leamington Spa, siyenera n'komwe kuimbidwa mlandu m'khoti lino chifukwa ndi ya m'kalasi la apamwamba, ndinachita kubwereka. Koma ndili nayo mawu. Anajambula Britain yokongola: Edinburgh, nyanja za ku Lake District, timidzi ta ku Cotswolds, nyengo n'kumasintha sabata iliyonse. Birmingham mulibe. Anthu okhala pafupi chonchi analephera kuikamo Spaghetti Junction, mphambano yopotana ija imene yakhala ikusocheretsa anthu kuyambira 1972? Mulibe mzere wa galimoto wa pa M6 madzulo a Lachisanu, mulibe mapaundi 8 a Clean Air Zone amene galimoto yokalamba imalipira ikalowa pakati pa mzinda. Umagumula mpanda wa mwala wa mlimi, iwo n'kukupatsa mapointi. Imeneyo ndi Britain ya pa kalendala.

Mlandu umene wanditengera nthawi yaitali ndi wa dzira. Neba wanga, mkulu wobadwira konkuno amene anapuma pantchito, atamva kuti ndimakonda zakale anakwera kudenga n'kutsitsa ZX Spectrum, kakompyuta kamene gemu yake imakhala pa tepi ya kaseti. Umaika tepi, kenako umadikira mphindi zingapo makinawo akulira mokwiya, ndipo tepiyo ikakhosomola pang'ono mumayambiranso. Gemu yake inali Treasure Island Dizzy ya 1988, yolembedwa ndi mapasa Philip ndi Andrew Oliver, yofalitsidwa ndi Codemasters, kampani imene abale awiri, Richard ndi David Darling, anaiyambitsa mu 1986 ndipo inakhazikika ku Southam m'boma la Warwickshire. Mapasawo pambuyo pake anatsegula kampani yawo ku Leamington Spa.

Dizzy ndi dzira lovala magolovesi a nkhonya, losiyidwa pachilumba, lofuna njira yobwerera kwawo. Nzeru zake n'zokoma ndithu: chinthu ukachitola uku chimakatsegula njira kutsidya, ndipo pali makobidi 30 obisika oti uwapeze. Koma moyo anakupatsa umodzi wokha. Ukafa, kaya wasewera maola awiri, ukayambira pagombe pomwe unayambira. Ndiye pali nkhani ya thumba. Dizzy amanyamula zinthu zitatu basi, ndipo zimatuluka motsatana ndi mmene zinalowera: chimene chinalowa poyamba ndicho chimayamba kugwa. Chimodzi mwa zinthuzo ndi kapaipi kopumira pansi pa madzi. Ukakhala pansi pa nyanja n'kuona chinthu chonyezimira, dyera n'kukugwira, ukangotola, kapaipi kaja kamagwa, dzira n'kumira pomwepo. Neba wanga anakhala phee osandichenjeza. Dzira litamira anaseka mpaka kutsokomola, akuti iyenso zinamuchitikira ali mnyamata ndipo wakhala zaka zonsezi akudikira kuti aone zikuchitikira wina. Ndinabwerera kunyumba nditakwiya ndi dzira. Munthu wamkulu, wa ana atatu, wokhala mu komiti ya maliro ya Amalawi, kukwiya ndi dzira. Ndaipatsa 7, ndipo mawa lake ndinapitanso.

Neba yemweyo anandikumbutsa kuti si zonse za kuno zoyenera kukhululukidwa. Mu 1986 kampani ya U.S. Gold ya ku Birmingham inatulutsa World Cup Carnival, gemu yovomerezeka ya mpikisano wa ku Mexico. Anthu atatsegula bokosi anapeza mapositala ndi baji, koma gemu yake inali yakale ya 1984 ya kampani ya Artic, atangoipaka mafuta. Imeneyo khoti lino siliilandira, ipite ku polisi.

Peaky Blinders: Mastermind ya 2020, yochokera pa sewero la pa TV, ndiye yotembenuza: nkhani ndi ya ku Small Heath konkuno, koma opanga ake, a FuturLab, ndi a ku Brighton. Ndinkayembekeza zibakera, ndinapeza gemu ya nzeru. Umayendetsa anthu a banja la Shelby onse pa nthawi imodzi: Arthur athyole chitseko, Ada acheze ndi wapolisi kuti ayang'ane kumbali, Finn alowe pa kabowo, Polly apereke kangachepe. Ukasokoneza, umabweza nthawi m'mbuyo n'kukonza. Batani limeneli likanakhala la m'banja, bwenzi ndilibe mlandu ndi munthu. Zilema zake ndi ziwiri. Anthu ake salankhula, umangowerenga mawu pansi, pamene kukoma kwa sewero lija pa TV kuli m'kalankhulidwe. Chachiwiri, ili ndi zigawo 10 zokha, ndipo zoyambirira zambiri ndi zokuphunzitsa. Pamene yayamba kukoma, mayina a opanga ayamba kale kukwera pa sikirini. 6 ndi theka.

Ndikudziwa kuti ena mukufunsa kuti bambo ameneyu bwanji osasunga ndalama n'kugula gemu imodzi yabwino. Ndinayesapo za 10 pa 10 kwa anzanga. Zimandichititsa manyazi: zonse zili m'malo mwake, ndiye ukalephera palibe wina womuloza chala. Ya 7 pa 10 mumagawana mlandu. Ine ndalakwitsa ngodya, iyonso yaiwala mbali yathunthu, palibe woseka mnzake. Nditawafotokozera mayi akunyumba nzeru imeneyi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi.

“Ndiye inuyo bambo a ana, mungapeze zingati?”

Ndinati mwina 8.

“6,” anatero. “Lendi mumalipira, ana mumawakonda, koma shelefu ya kubafa ija munayamba chaka chatha, ndipo chigitala chanucho chikutchinga njira.”

Chigitala chimenecho ndiye mlandu womaliza. Ndi cha Guitar Hero Live ya 2015, yopangidwa ndi FreeStyleGames ya ku Leamington Spa. Gitala yake ndi yapulasitiki, ya mabatani 6 m'mizere iwiri, atatu akuda, atatu oyera. Nzeru yawo inali yapamwamba: m'malo mwa zidole anajambula anthu enieni, gulu lalikulu la oonerera ndi oimba anzako papulatifomu. Ukamaimba bwino akuvina, akukuwa, woimba ng'oma akukumwetulira. Ukayamba kuphonya, chithunzi chimasintha, nkhope zonse zimakwinyika, ena akukukuwiza, anzako a m'bandi akuyang'anizana ngati akufunsana kuti munthuyu anabwera ndi ndani. Ine mbali ya anthu osangalalayo ndinangoiona mwana wanga akusewera. Pa ine, khamu limakwiya nyimbo isanafike pakati, ndipo pali mtsikana wina kutsogolo amene amandiyang'ana mokhumudwa kwambiri moti ndimafuna kumupepesa.

Chilema chake chachikulu sichinali m'gitala. Nyimbo zambiri, pafupifupi 500, zinali pa intaneti pa mbali yotchedwa GHTV, ndipo pa 1 December 2018 eni ake a Activision anazimitsa mbali imeneyo. Zinatsala 42 za pa disiki. Ine gitalayo ndinaigula patapita zaka chizimitsireni, pamsika wa m'mabuti a galimoto Lamlungu lina m'mawa, kwa bambo wina amene anandithandiza kuinyamula mpaka pa basi mwaulemu wokayikitsa. Gemuyi ndaipatsa 7 ikadali ndi moyo, 5 mmene ilili lero.

Lamulo latuluka kunyumba kuno kuti pofika Loweruka, pabalaza patsale gitala kapena ine. Choncho amene muli ku Handsworth, ku Smethwick, ku Wolverhampton ngakhale ku Coventry, ndipo mumatha kupirira anthu akamakukuwizani, gitala ilipo pa mapaundi 5. Batani limodzi loyera limakanirira, lamba wake ndi wa chikwama cha sukulu. Alamu okha asabwere, pokhapokha atanyamula 45.